Makutu a Alamu Anga

Alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, anagwira ntchito yomvetsera mtsinje kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Alendo akamva zimenezi amaseka, amayesa ndikucheza. Koma inali ntchito yeniyeni, ya jekete ndi nyumba ya boma, ndipo m'chigwa chathu chino munalibe mwana amene sankadziwa kuti chitsulo cha kumtunda chikalira, usiye chilichonse chimene chili m'manja ukwere ku tchalitchi.

Chigwa chathu n'chachitali ndi chopapatiza, ndipo kumutu kwake kuli phiri. Nsonga yake ndi yoyera chaka chonse, yosongoka ngati dzino la galu, ndipo masiku ambiri imabisala m'mitambo. Anthu amachokera kutali kudzaikwera. Ena amafika, ambiri amabwerera panjira, ena sabwerera n'komwe. M'munsi mwa nsongayo mumatsika madzi oundana, okhuthala kuposa kutalika kwa tchalitchi chathu, ndipo amayenda, koma pang'onopang'ono moti diso silingaone. Ife timangowatcha lilime, chifukwa ukawayang'ana uli pakhonde amaoneka ngati phiri latulutsa lilime. Pamene lilimelo lathera pali dziwe la madzi otuwa, ndipo mtsinje wathu umatuluka m'dziwemo.

Ukangotuluka umalowa mu mpata wa miyala, wakuya moti ukaima m'mphepete suona madzi, umangomva mkokomo. Nyumba yanga ndi nyumba ya mlonda zili pamwamba pa mpatawo. Kumunsi, kumene mpata umatseguka, timitsinje tiwiri ta m'mbali timadzathira, ndipo kumeneko ndi kumene kuli mlatho, sukulu, msika ndi makina ochekera matabwa. Nthawi zina chigamphu cha madzi oundana, kapena mbali ya phiri, chimagumuka n'kutseka pakamwa pa dziwe. Madzi amaunjikana kuseri kwake, mu mpata mumakhala zii, koma a kumunsi sazindikira chifukwa timitsinje tija timakhala tikuyendabe. Kenako chotsekacho chimaphulika. Zinachitikapo apongozi anga ali mtsikana, ndipo anthu makumi anayi anapita m'mawa umodzi. Kuyambira pamenepo boma linaika mlonda. Ndiye chimene mlonda amadikira si phokoso ayi, koma bata. Lamulo lake n'limodzi: mtsinje ukakhala chete usatsike kukaona, imba chitsulo.

Poyamba alamu sanali mlonda. Iwo ndi amuna anga ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri, monganso bambo awo. Amuna anga anali amfupi, a nthabwala, oyenda ngati achedwa. Alamu anali amtali, owerama pang'ono, osalankhulalankhula, a makutu akuluakulu amene mng'ono wawo ankati anabadwa nawo kuti azikupizira moto. Chaka chachisanu ndi chiwiri cha ukwati wathu, akudutsa pa lilime ndi alendo anayi, chipale chimene chinakuta mng'alu chinabooka pansi pa amuna anga. Anali atamangana chingwe chimodzi ndi akulu awo. Alamu anagwira chingwecho mpaka chinadukira m'mphepete mwa mng'aluwo. Mtembo sitinauone.

Alamu anatsika tsiku lachitatu, n'kukhala pakhonde panga manja atakulungidwa nsanza. Ndinawapangira tiyi, koma kapu sanathe kuigwira. Ndinawamwetsa ndine, ndipo ndi pamene ndinayamba kulira.

Katundu sananyamulenso. Chaka chomwecho mlonda wakale anapuma, alamu n'kupempha malowo. Akazi awo anapirira m'nyumba ya mlonda ija zaka ziwiri, kenako anati sangakalambire m'nyumba imene madzi amaundana mu ndowa, anabwerera kwawo ndipo sanabwerenso. Ine ndinatsala ndi ana awiri. Denga likadontha ankakwera ndi alamu, mwana akavuta ankamukhazika pansi ndi alamu. Anthu analankhula, monga mudziwa, mpaka amayi abusa anandifunsa mozungulira tikusita nsalu za paguwa. Panalibe kanthu, ndipo sipanakhaleponso kanthu. Anali achimwene amene Mulungu anandisiyira.

Kawiri pa sabata ankakwera ku dziwe, ulendo wa maola atatu, ndi ndodo yaitali yolembedwa mizere yofiira ndi yoyera. Ankayeza madzi, n'kuyang'ana mtundu wake ndi ming'alu ya pa lilime, n'kulemba m'kabuku. Nyengo yozizira ankabwera ndevu zitauma ngati waya. Masiku enawo ankangomvetsera. Katatu pa tsiku ankaima pa thanthwe la kuseri kwa nyumba yawo, chipewa chili m'manja, mutu utapendekeka. Ankatha kukuuza nthawi pongomva madzi: m'mawa mawu ake amakhala opyapyala, masana dzuwa likasungunula kumtunda amanenepa, ndipo mkati mwake mumamveka miyala ikugundana ngati munthu akusuntha mipando m'chipinda china. Ife tonse tinabadwira m'phokosolo ndipo sitinkalimvanso. Iwo okha ndi amene ankalimva tsiku lililonse ngati lachilendo.

Dzina loti a Thawani analipeza chaka chachinayi cha ntchitoyo. Linali Loweruka, tsiku la msika. Mtsinje unakhaladi chete, anaimba chitsulo, kenako anathamanga mumsewu wonse akufuula mawu amenewo, munthu amene anthu ambiri anali asanamvepo liwu lake. Chigwa chonse chinakwera. Ndimakumbukira telala atasenza makina ake pamutu, bambo wina atametedwa mbali imodzi sopo ali m'khutu, ndi mayi wina akukokana ndi nkhumba imene inalibe cholinga chopita ku tchalitchi. Tinakhala pabwalopo maola asanu mvula ikuwaza. Madzi sanabwere. Anali ataboola pansi pa chotsekacho n'kumatuluka pang'onopang'ono, ndipo pofika madzulo mtsinje unali ukulira monga kale.

Mwini makina a matabwa, amene tonse timawatcha a Utuchi, anali atasiya mitengo pa macheka ndipo anakwiya kwambiri. Anafunsa pamaso pa anthu ngati makutu onse aja ndi ogwirira mphepo basi. Anthu anaseka, dzina lija n'kukakamira. Ana ankalitchula, ngakhale abusa linawapulumukapo pa zolengeza. Alamu ankangovula chipewa n'kuyankha ngati ndi dzina la ubatizo. Anandiuza kuti kuli bwino asekedwe kakhumi kusiyana n'kukumba manda amodzi, koma ndinaona kuti mwezi wathunthu sanatsikire ku msika, mchere ankatuma ine. Ku ofesi ya zamadzi kunachokera kalata yonena kuti ulendo wina adzayambe atsimikiza. Atsimikize bwanji, kalatayo sinanene.

Zaka zinadutsa, ana anga anakula n'kupita ku tawuni, tsitsi la alamu linachita mbuu. Chitsulo chija, limu ya tayala la lole yopachikidwa pa mzati, chinangokhala osalira, iwo n'kumachipaka mafuta kuti chisachite dzimbiri.

Ndinayamba kuzindikira ku tchalitchi. Alamu ankaimba mawu a pansi, ndipo sankaphonya. Koma anayamba kutsalira, anthu atamaliza mzere iwo n'kumaukokabe, ndipo ameni wawo ankabwera yekha tonse titatsegula kale maso. Kenako anayamba kunditembenuzira mbali ya kumanzere ndikamalankhula. Tsiku lina galu wanga anawauwa kumbuyo kwenikweni, iwo osatembenuka. Ndipo m'mawa wina ndikukolola nyemba ndinawaona pa thanthwe paja, osati ataimirira monga kale, koma atagwada, zikhatho zonse ziwiri zili pa mwala. Ankafuna kumva kunjenjemera kwa madzi ndi manja.

Kuyambira kale ankadzamwa tiyi kwanga m'mawa. Tsopano akangokhala pansi ankati, ngati akungocheza, lero ukulongololatu mtsinjewu, maso ali pakamwa panga. Ine ndinkayankha kuti ukulongolola, alamu, monga dzulo. Kapena ndinkati lero wanenepa, kumtunda kwatentha. Masana ankabweranso, ati kudzabweza khasu. Madzulo ankabwera kudzapempha machesi. M'kabati mwawo muyenera kuti munadzaza machesi okwanira chigwa chonse. Katatu pa tsiku, ndipo panalibe amene anatchula chimene tikuchita.

Ntchitoyo inkafuna munthu wa makutu abwino, aliyense ankadziwa. Namwino ankabwera kuchokera ku ofesi kamodzi pa zaka ziwiri kudzawayeza, koma mayi ameneyo anali wa liwu lalikulu mwachibadwa. Ankawaima kutsogolo n'kufuula kuti bambo, mukumva bwinobwino? Iwo ankati eya, iye n'kulemba, n'kuthamangira galimoto kusanade. Akanadziwika, ntchito ikanatha tsiku lomwelo, ndi nyumba yomwe. Ndipo ine ndinkadziwa chimene ntchitoyo inali kwa iwo. Munthu amene chingwe chinamudukira m'manja anali atapeza china choti agwire.

Komanso ku sukulu ya kumunsi kunali ana mazana atatu. Sindibisa, ndinachimwa, ndipo ndinkadziwa kuti ndikuchimwa. Ndinkapemphera kuti Ambuye atsegule makutu awo, chifukwa pemphero limenelo linali lopepuka kusiyana n'kupempha kuti atsegule pakamwa panga. Kawiri ndinafika pakhomo pa abusa nditakonzeka kunena, kawiri konse ndinangokamba za maluwa a paguwa n'kubwerera. Ndinadziuza kuti malinga ndilipo, mtsinje uli ndi womvetsera. Ndinasiya kuyenda. Maliro a kutali sindinkapita, mwana wanga wamkazi akandiitana ku tawuni ndinkanamizira mawondo. Zinatero pafupifupi zaka zitatu.

Kenako mwana wangayo anakhala woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo masiku atayandikira panalibenso chonamizira. Ndinawauza alamu nditawayang'ana kumaso, pang'onopang'ono, kuti Lachinayi ndikwera basi ya eyiti koloko ndipo ndikakhala masabata awiri. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndikamupatse moni mwanayo. Zala zawo zinkangozungulitsa chipewa. Mumtima ndinati ndikabwerako ndidzalankhula nawo, zitheretu. Lero ndikaganiza za masabata awiri amenewo, amene ndinali wokonzeka kusiya chigwa m'manja ozizira a munthu wokalamba, ndimachita manyazi pamaso pa Mulungu.

Sabata imeneyo kunagwa mvula yofunda masiku atatu, mvula imene imafooketsa madzi oundana. Lachinayi kunacha ndi chifunga, choti mpanda wanga womwe sunkaoneka. Ndinali ndikumanga chikwama, nthawi isanakwane seveni, pamene alamu analowa osaodira, opanda chipewa.

"Alamu, siyani kaye chikwamacho. Tulukani mukamvetsere."

Ndinatsala pang'ono kuyankha monga mwa masiku onse, kuti ukulongolola. Koma m'mawa umenewo maganizo anga anali pa basi, ndipo ndinali ndisanamvetsere.

"Thanthwe silikunjenjemera," anatero. "Koma manja angawa azizira, sindikuwakhulupirira. Za makutu mukudziwa inu. Anafa kale."

Kanali koyamba kutchula. Ndinatuluka n'kuima pabwalo. Ndinamva madontho akugwa kuchoka padenga kulowa m'beseni. Ndinamva wotchi ya pakhoma ikugunda m'nyumba, ine ndili panja. Tambala analira kutali. Kenako ndinamva makina a matabwa akutsokomola kumunsi, akuyamba ntchito. Zaka makumi atatu ndi zitatu ndinakhala pakhomo pamenepo, ndipo makina amenewo ndinali ndisanawamvepo ndili kwathu. Ndinatembenuka kuti aone pakamwa panga.

"Sukumveka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati nthawi zina chifunga chimameza mawu. Ndinawauza kuti chikanameza ndi makina omwe, koma makinawo ndikuwamva ngati ali kuseri kwa khitchini. Anaimabe. Sindinawaonepo ndi mantha otero, ngakhale tsiku limene anatsika m'phiri lija. Anafunsa motsitsa mawu, ngati akudzifunsa okha, kuti nanga akandifunsa kuti wamva ndani?

"Kaimbeni, alamu. Za mafunso tikaziona limodzi."

Anatenga nyundo n'kumenya limu ija katatu, n'kupuma, katatu, n'kupuma. Ine ndinagwira m'makutu, iwo nkhope osasintha. Mwa lamulo belu la ku tchalitchi linkayenera kuyankha nthawi yomweyo, chifukwa ndi limene limamveka mpaka ku mlatho. Ankamenya n'kundiyang'ana, ine n'kupukusa mutu. Anamenyanso, n'kundiyang'ananso. Belu silinayankhe. Anaponya nyundo pansi ndipo tinatsika tonse awiri ndi kanjira ka mbuzi, iwo patsogolo, ine ndikuterereka pambuyo ndi nsapato zanga za ulendo.

Tchalitchi chili pa chitunda, pakati pa ife ndi a kumunsi. Tinapeza woimba belu atagwira chingwe koma osakoka. Panali abusa atavala jekete pamwamba pa zogonera, amayi achikulire angapo amene anakwera ndi mabulangete awo osadikira wina, ndi a Utuchi, amene anamva chitsulo chapatali n'kubwera pa lole yawo kudzaletsa. A Utuchiwo ankanena kuti madzi awasiya pa mlatho akuyenda, awaona ndi maso awo, ndipo sangatsekenso makina chifukwa cha maloto a nkhalamba. Ankakumbutsanso abusa za kalata ya ku ofesi ija. Atationa anatembenukira kwa anthu, osati kwa ife.

"Awo afika eni chitsulo. A Thawani, mwayambanso? Ulendo uno tikwere ndi nkhumba zingati?"

Popeza analankhula atapereka mbali, alamu sanagwirepo ngakhale liwu limodzi. Anachita zimene anazolowera, anayang'ana ine. A Utuchi anaona.

"Ndikulankhula ndi inu, bambo. Mukuyang'ana alamu anu bwanji?"

Apa anawayang'ana kumaso, ndipo alamu anawerenga pakamwa. Anawongoka, munthu wowerama uja, n'kulankhula mokweza kwambiri monga amachitira anthu osadzimva.

"Chifukwa sindikukumvani, a Utuchi. Ine ndinagontha, chaka chachitatu chino. Ndakhala ndikukubisirani nonse, ndi a ku ofesi omwe. Amene amamvetsera mtsinje ndi mayi awa, ndipo akuti wakhala chete. Ntchito ndaitaya pano ndi pakamwa panga. Mukuganiza kuti ndingaitayire chifunga?"

Abusa anandifunsa ngati ndi zoona, ndipo ndinati zonse, abusa, ndi kubisa komwe. Ndinawauza kuti ndamva makina a matabwa ndili pabwalo panga. A Utuchi anandifunsa kawiri kuti makina anga, kumveka kwanu kuja? Iwo ankadziwa bwino kuposa tonse kuti makinawo samveka kupitirira pa mpata, chifukwa amadandaula nawo ndi a kumunsi okha. Nkhope yawo inasintha. Anamuuza woimba belu kuti ukudikira chiyani iwe, koka, ndipo analowa m'lole n'kutsikira ku sukulu.

Anayenda maulendo atatu, ana atadzaza mpaka pa masitepe. Aphunzitsi anakwera wapansi ndi ana okulirapo a m'makalasi apamwamba. Msika unakwera, chipatala chaching'ono chinakwera ndi odwala awiri pa machira. Ulendo uno panalibe wosenza makina osokera. Ambiri ankakwera akung'ung'udza, ena akuseka kuti tikamwa tiyi kwa abusa, koma ankakwera. Nkhani ya makutu inafika kumunsi anthu asanafike kumtunda, ndipo aliyense wofika ankawayang'ana alamu, kenako ine. Iwo anakhala pa sitepe ya tchalitchi, manja ali pa mawondo. Ndinakhala pambali pawo. Ola limodzi linadutsa opanda kanthu, ndipo ndinapemphera pemphero losokonekera, kupempha kuti madzi asabwere, kwinaku ndikuopa kuti sabwera.

Choyamba inafika mphepo, yozizira, yonunkha matope. Alamu anaimirira ife tisanamve kanthu, anati akumva ku mapazi. Kenako mkokomo unafika, wotseka m'makutu. Chifunga chinali chitayamba kukwera, ndipo tinaona madzi akuda akutuluka pa mpata, otalika kuposa mitengo ya m'mphepete, atanyamula zigamphu zoyera zazikulu ngati nyumba ndi mitengo yoyenda choimirira. Mlatho unangosowa. Makina a matabwa anapita ndi denga lawo lili pamwamba. Nyumba khumi ndi imodzi zinapita, ndi makalasi awiri a m'munsi, a ana aang'ono kwambiri. Palibe amene anakuwa. Mwana wina anafunsa mayi ake kuti chikho chake chatsala m'kalasi, akachitenga liti.

Aphunzitsi anaitana mayina, mabanja anawerengana, anthu onse analipo. Tinataya mbuzi, nkhumba ndi nkhuku zosawerengeka, ndipo agogo ena anathyoka mwendo pokwera chitunda. Mdzukulu wanga anabadwa mawa lake, koma ndinakamuona patatha masabata asanu ndi limodzi, atamanga mlatho wa matabwa.

Ndikanakonda kunena kuti anthu anangothokoza, koma sizinali choncho. Mantha atatha, makolo anayamba kuwerenga zaka zitatu zija. Ankati ana athu akhala akuphunzira pansi pa mlonda wosamva, nanga mayiyu akanakwera basi ya Lachitatu? Sankanama. Mayi wina amene tinkaimba naye limodzi sanandipatse moni chaka chathunthu, ndipo sindinamuimbe mlandu. Lamlungu lachiwiri ndinaima pamaso pa mpingo n'kupepesa. Alamu anaima pambali panga osamva zimene ndikunena, ndipo nditakhala pansi anangoti, zimene anena alamuwa ndi zanganso.

Kalata ya ku ofesi inafika patatha mwezi. Tsamba loyamba linali lothokoza, lachiwiri linali lowapumitsa ntchito ndi kuwapatsa masiku makumi atatu oti atuluke m'nyumba. Anawerenga masamba onse awiri, n'kunena kuti onse ndi olondola. Kunabwera anthu a zipewa zolimba, anaika mabokosi ndi mawaya oyezera madzi ku dziwe, ndi chimphokoso cha magetsi pa denga la sukulu. Mmodzi wa iwo, bambo wofatsa, anawapempha alamu kuti amuonetse njira ya ku dziwe ndi malo amene lilime limakonda kusweka. Anakwera naye kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anamusiyira ndodo ya mizere ija ndi mabuku onse makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, atamangidwa ndi chingwe.

Ndinawakonzera kanyumba ka kuseri kwa nyumba yanga, kamene tinkasungiramo mbatata ndi makasu. Katundu wawo yense analowa pa wilibala maulendo atatu. Bedi linali la boma, linatsala. Madzulo a tsiku limene anasamuka, tikuganiza zoyala matiresi pansi, lole inaima pa mpanda. A Utuchi anatsitsa bedi latsopano, lopangidwa ndi matabwa amene anatola m'matope, akunena kuti ndi otsalira chabe, analibe nawo ntchito. Atalilowetsa anaima pakhomo akukanda m'khosi, n'kunena kuti pepani pa zonse zija. Alamu anaika dzanja kukhutu. A Utuchi ananenanso mokweza. Alamu anapendeketsa mutu n'kuti nenaninso. Kachitatu anafuula moti galu wanga anathawira pansi pa nkhokwe. Atapita, alamu anandiuza kuti pakamwa pa munthu ameneyo n'posavuta kuwerenga, anali atamva koyamba komwe.

M'kanyumbako anakhalamo zaka zinayi. Ankalima anyezi, ankaluka zingwe za anyamata onyamula katundu ndipo chingwe chilichonse ankachikoka ndi thupi lonse asanachipereke. Ku tchalitchi ankaimbabe motsalira, mpingo unazolowera kuwadikira. Ambuye anawatenga nyengo yozizira yapitayi, ndi chifuwa, ali pa bedi lija. Masiku omaliza ndinawalembera pa pepala kufunsa ngati ananong'onezapo bondo chifukwa cholankhula tsiku lija. Anati anong'oneza chifukwa chochedwa, ndiponso chifukwa chondisenzetsa katundu amene sanali wanga.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi m'mawa woyamba atasamuka. Ndinapanga tiyi, sanabwere. Ndinasesa, ndinapatsa nkhuku chakudya, tiyi anazizira. Pofika teni koloko ndinayamba kuda nkhawa, ndinapita kukagogoda, kenako ndinadziseka n'kungokankha chitseko. Ndinawapeza ali mtulo chagada, pakamwa yasa, dzuwa likuwawomba kumapazi, akuliza mkonono woti iwo eni sakanaumva. Ndinaima pamenepo pang'ono n'kuthokoza Mulungu. Kenako ndinatseka chitseko pang'onopang'ono, ngakhale kuti ndikanachimenyetsa sakanadzuka, ndipo ndinapita kukachapa.